Sipulinti ya m'kamwa ndi nsagwada zopweteka: zimene zaka 120 zatiphunzitsa

Wodwala akabwera n'kunena kuti pafupi ndi khutu pakumupweteka akamatafuna, kuti nsagwada imalira akayasamula, kapena kuti m'mawa amadzuka masaya atatopa ngati wachezera kukukuta chimanga chokazinga, ambiri a ife timayamba tasuzumira m'khutu. Tikaona kuti m'khutu muli bwino, timayang'ana mano. Mano akakhala opanda vuto, timamupatsa panado n'kumuuza kuti adzabwerenso zikapitirira. Wodwala amene ali ndi ndalama akhoza kupita kwa dokotala wa mano m'tauni, ndipo kumeneko akhoza kumuuza za sipulinti. Aka ndi kapulasitiki kolimba kopangidwa motsatira mano a munthuyo, kamene amavala pa mano a m'mwamba kapena a m'munsi, makamaka pogona.

Sipulinti yakhala ikugwiritsidwa ntchito kwa zaka zoposa 120, ndipo m'mayiko ambiri ndi chithandizo chimene madokotala a mano amathamangira munthu akadandaula za nsagwada. Tikatsatira mbiri yake tipeza chinthu chodabwitsa. Chifukwa chimene akatswiri ankapereka chakuti imathandiza chasintha kangapo, kachipangizoko sikanasinthe kwenikweni, koma pa nthawi iliyonse odwala ambiri ankanena kuti apeza bwino. Kodi n'chiyani chinkawathandiza, ndipo kodi thandizolo limakhalitsa pakatha chaka kapena zaka? Yankho lake likukhudza ndalama za wodwala, mano ake, komanso zimene ife tingamuchitire pa chipatala chimene chilibe dokotala wa mano.

Malo amene tikunenawa

Nsagwada ya m'munsi imalumikizana ndi chigaza pa malo awiri, kutsogolo kwa khutu lililonse. Mukaika chala pamenepo n'kutsegula pakamwa, mumva kamutu ka fupa kakuzungulira kenako n'kutsetserekera kutsogolo. Pakati pa kamutu kameneka ndi chigaza pali kanyama kolimba kooneka ngati kambale, kamene akatswiri amakatcha disiki. Malowa amayendetsedwa ndi minofu ya m'masaya, ya m'mbali mwa mutu ndi ina ya mkati. Ululu ukhoza kuchokera pa malo olumikizirawo, m'minofu, kapena ponse pawiri. Mavuto onsewa masiku ano amatchulidwa ndi dzina limodzi lachidule lakuti TMD. Amayi ndi amene amabwera nawo kwambiri kuchipatala, makamaka a zaka za pakati pa 20 ndi 40.

Kuguluka kwa nsagwada kunadziwika kalekale. Chikalata cha ku Egypt chotchedwa Edwin Smith Papyrus, chimene chinalembedwa zaka pafupifupi 1,600 Yesu asanabadwe, chimafotokoza kale za kuika zala zazikulu m'kamwa mwa wodwala pobwezeretsa nsagwada m'malo mwake. Koma ululu wosachokera ku ngozi unayamba kufufuzidwa mochedwa. M'chaka cha 1887, dokotala wa opaleshoni wa ku Edinburgh, a Thomas Annandale, analemba m'magazini ya Lancet za opaleshoni yobwezeretsa disiki imene yachoka m'malo. Mu 1901, dokotala wa mano wa ku Vienna, a Karolyi, anafotokoza za anthu okukuta mano ndipo anawapangira chovala cha m'kamwa cha labala wolimba, yemwe pa nthawiyo ankapangira mano oikirira. Ambiri amati sipulinti inayambira pamenepo. Cholinga chake chinali kuteteza mano ndi nkhama ku mphamvu ya kukukuta.

Odwala 11 a Costen

Nkhani inasintha mu 1934. Dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi wa mumzinda wa St. Louis ku America, a James Costen, anafotokoza za odwala 11 amene ankadandaula kusamva bwino, kulira kwa m'makutu, chizungulire, mutu ndi kuotcha kwa lilime. Ambiri mwa iwo anali atataya mano akumbuyo. A Costen anaganiza kuti mano otafunira akachoka, nsagwada imatseka mopyola malire, ndiye kamutu ka fupa kamakankhikira kumbuyo n'kupanikiza mitsempha ndi njira za kukhutu. Chithandizo chake chinali kukweza kalumidwe, kutanthauza kuika chinthu pakati pa mano kuti nsagwada isatseke kwambiri.

Maganizo amenewa anafala msanga chifukwa anali osavuta kumva, komanso anapereka vutoli m'manja mwa madokotala a mano. Kwa zaka zambiri matendawa ankatchulidwa ndi dzina la a Costen. Odwala ankawaveka zokwezera kalumidwe, ena ankawavundikira mano ndi zitsulo kuti atalike. Mu 1948, katswiri wa kapangidwe ka thupi, a Harry Sicher, amene anachoka ku Vienna n'kukakhala ku Chicago, anasonyeza kuti zimene a Costen ankanena sizikugwirizana ndi mmene mafupa ndi mitsempha ya pamalopo inakhalira. Kamutu ka nsagwada sikangafike pa mitsempha imene iwo ankati ikupanikizidwa. Chiphunzitsocho chinagwa m'mabuku, koma chizolowezi chofuna gwero la ululu mu kalumidwe ka mano chinatsala.

Pa zaka zomwezi panabwera pulasitiki ya akiriliki, imene inayamba kugwiritsidwa ntchito pa mano oikirira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Inali yosavuta kuumba ndi kupala kusiyana ndi labala wolimba uja. Pa University of Michigan, a Sigurd Ramfjord ndi a Major Ash anakonza sipulinti yosalala pamwamba, yokuta mano onse a m'mwamba, imene mano onse a m'munsi amaigunda mofanana. Buku lawo la za kalumidwe linatuluka mu 1966, ndipo sipulinti ya Michigan mpaka lero ndi imene ena onse amayerekezera nayo. Iwo ankakhulupirira kuti dzino limene likugundana ndi linzake molakwika limasokoneza minofu, choncho sipulinti imapumitsa minofuyo, kenako dokotala apale malo olakwikawo pa mano enieni.

Kuchoka pa mano kupita ku minofu

Ku New York, pa Columbia University, a Laszlo Schwartz anaona odwala ambiri m'zaka za m'ma 1950 ndipo anapeza kuti ululu wa ochuluka unali m'minofu yotafunira. Anaonanso kuti unkayamba kapena kukula munthu akakhala pa nkhawa. Mu 1969, a Daniel Laskin a pa University of Illinois ku Chicago anapititsa maganizowa patsogolo. Iwo anati nkhawa imachititsa munthu kumanga mano ndi kukukuta, minofu imatopa n'kuyamba kupweteka, ndipo kusokonekera kwa kalumidwe kukhoza kukhala zotsatira zake. Apa sipulinti inapatsidwa ntchito yatsopano, yoletsa chizolowezi chokukuta mano.

Chimene gulu la ku Chicago likukumbukiridwa nacho kwambiri ndi mayeso amene linachita. Mu 1972, a Charles Greene ndi a Laskin anapatsa odwala sipulinti yonamizira, yokhala kumwamba kwa m'kamwa popanda kukhudza malo amene mano amalumana. Sipulinti yotereyi singasinthe kalumidwe ngakhale pang'ono, komabe odwala pafupifupi 4 mwa 10 alionse ananena kuti apeza bwino. Mu 1976 gululi linachita zina zoposa pamenepa. Odwala 25 anauzidwa kuti awakonza kalumidwe, koma dokotala ankangopala pang'ono malo a dzino amene sagundana ndi linzake. Odwala 16 mwa 25 ananena kuti ululu watha kapena watsala pang'ono kutheratu.

Zotsatirazi zinkasonyeza kuti kuchira kwa wodwala si umboni wakuti chiphunzitso cha dokotala wake n'choona. Mu 1983, a Greene ndi a Laskin anafufuzanso odwala amene anawathandiza zaka zingapo m'mbuyomo ndi njira zosavulaza monga malangizo, masewera a nsagwada, mankhwala ndi sipulinti. Ambiri mwa iwo anali bwino, ndipo amene anali bwino patapita zaka anali ochuluka kuposa amene anali bwino chithandizo chitangotha. Panalibe amene anamupala mano kapena kumuchita opaleshoni.

Zaka za disiki ndi mtengo wake

M'zaka za m'ma 1970 maso anabwerera pa malo olumikizira. Dokotala wa mano wa ku Montgomery m'chigawo cha Alabama, a William Farrar, pamodzi ndi dokotala wa opaleshoni a William McCarty, anaphunzitsa kuti kulira kwa nsagwada kumachokera ku disiki imene yatsetserekera kutsogolo. Pa mfundo imeneyi ananena zoona, ndipo zithunzi za X-ray zojambulidwa atabaya mankhwala oonetsa mkati zinatsimikizira. Koma panabwera chikhulupiriro china, chakuti disiki yochoka m'malo imapitirira kuonongeka, kuyambira kulira, kenako kutsekeka kwa pakamwa, pomaliza nyamakazi. Pofuna kupewa zimenezi anapanga sipulinti ya mtundu wina, yokankhira nsagwada kutsogolo kuti kamutu ka fupa kakwerenso pa disiki. Wodwala ankaivala usana ndi usiku kwa miyezi.

Pa masabata oyamba sipulinti imeneyi inkaoneka yamphamvu, chifukwa kulira kunkaleka. Ofufuza a ku Sweden ndi a ku America atatsatira odwala kwa nthawi yaitali anapeza kuti akaisiya, kulira kumabwerera mwa ambiri, ngakhale kuti ululu nthawi zambiri sunkabwerera. Ena amene anaivala nthawi yaitali anapezeka kuti mano awo akumbuyo sakugundananso. Pofuna kuti nsagwada ikhazikike pa malo atsopanowo, madokotala ankavundikira mano ambiri kapena kuwakoka ndi mawaya, ntchito yodula ndiponso yosabwezeka. Kenako makina a MRI atafika, kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990 anasonyeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene alibe dandaulo lililonse la nsagwada ali ndi disiki yochoka m'malo.

Amene sipulinti sinawathandize ambiri anapita ku opaleshoni. Ku America, kampani ya Vitek ya mumzinda wa Houston inagulitsa disiki yopangidwa ndi Proplast ndi Teflon kuyambira mu 1983, ndipo inaikidwa mwa anthu masauzande ambiri. Chifukwa cha mphamvu ya kutafuna, disikiyo inkanyenyeka, thupi linkalimbana ndi tizidutswato, ndipo mafupa a nsagwada ndi a pansi pa chigaza ankadyeka. Kampaniyo inagwa mu 1990, ndipo mu December chaka chomwecho bungwe la FDA linachenjeza madokotala za kuopsa kwake. Ambiri mwa ovulalawo anali amayi achichepere amene poyamba anabwera ndi ululu kapena kulira kwa nsagwada, ndipo ena anachitidwa maopaleshoni angapo n'kukhala ndi ululu moyo wawo wonse.

Chenjezo linali litaperekedwa kale. Msonkhano umene bungwe la American Dental Association linaitanitsa mu 1982 unalimbikitsa kuyamba ndi chithandizo chimene chingathe kusiyidwa popanda kusiya chilema. Msonkhano wa National Institutes of Health wa mu 1996 unabwereza zomwezo, n'kunena kuti palibe umboni wokwanira wolola kupala mano kapena kusintha kalumidwe mosabwezeka pochiza vutoli.

Kodi vutoli limatha bwanji likasiyidwa?

Funso limene linayenera kufunsidwa poyamba linayankhidwa mochedwa. Ku Groningen m'dziko la Netherlands, gulu la a Geert Boering linafufuza odwala amene anathandizidwa popanda opaleshoni zaka 30 m'mbuyomo, ndipo zotsatira zinatuluka chapakati pa zaka za m'ma 1990. Zithunzi zinkaonetsa kuti mafupa a ambiri asintha maonekedwe, koma eni ake anali ndi madandaulo ochepa ndipo ankatha kudya. Ku Finland, ofufuza anatsatira achinyamata kuyambira ali ndi zaka 14 mpaka 23, ndipo analemba mu Lancet mu 1996 kuti kulira kwa nsagwada kunkabwera n'kumapita, ndipo palibe mmodzi yemwe pakamwa pake panatsekeka. Ku Sweden, a Magnusson, a Egermark ndi a Carlsson anatsatira ana a sukulu kwa zaka 20 ndipo anapeza kuti zizindikiro zimakwera ndi kutsika, koma kufika pa vuto lalikulu sikuchitikachitika.

Zimenezi zikutithandiza kumvetsa chifukwa chake chithandizo chilichonse chinkaoneka chogwira ntchito. Munthu amapita kuchipatala pa sabata imene ululu wafika pachimake. Ngati ululuwo mwachibadwa chake umakwera ndi kutsika, ndiye kuti pakatha mwezi umodzi kapena iwiri ukhala utatsikako, kaya wavala sipulinti kaya ayi. Onjezerani mtima umene umakhala pansi munthu akauzidwa kuti alibe khansa, kusamala kumene amayamba pa kadyedwe, ndi chikhulupiriro chake mwa dokotala. Dokotala amaona amene abwera kudzathokoza, koma saona amene anachira ali kunyumba popanda chithandizo. N'chifukwa chake pamafunika kafukufuku wogawa odwala m'magulu mwamaere.

Mayeso enieni

Kafukufuku wotere anali wovuta pamene chipatala chilichonse chinali ndi dzina lakelake la matendawa. Mu 1992, a Samuel Dworkin ndi a Linda LeResche a pa University of Washington ku Seattle anatulutsa ndondomeko imodzi yoyezera odwala. Inali ndi mbali ziwiri, ina yoona minofu ndi malo olumikizira, ina yoona nkhawa, kukhumudwa ndi mmene ululu ukusokonezera moyo wa munthuyo. Ndondomekoyi inakonzedwanso mu 2014 ndipo ofufuza ambiri amaitsatira.

Mu 1994, a Thuan Dao, a Gilles Lavigne ndi anzawo ku Montreal anagawa odwala 63 a ululu wa m'minofu m'magulu atatu. Gulu loyamba linavala sipulinti yeniyeni usana ndi usiku, lachiwiri linavala yonamizira, lachitatu linkavala yeniyeni kwa mphindi 30 zokha pa tsiku lobwera kuchipatala. Patatha masabata 10 ululu unali utatsika m'magulu onse atatu mofanana. Mu 1998 a Dao ndi a Lavigne anayerekezera sipulinti ndi ndodo zoyendera munthu wothyoka mwendo, zimene zimamuthandiza pa nthawi yovuta koma sizilumikiza fupa.

Si onse anapeza zomwezi. Ku Malmö m'dziko la Sweden, a EwaCarin Ekberg ndi a Maria Nilner anapeza kuti pa masabata 10 odwala ovala sipulinti yeniyeni anapeza bwino kuposa ovala yonamizira, ndipo ambiri anakhalabe bwino pa miyezi 6 ndi 12. Vuto linali lakuti ambiri a m'gulu la yonamizira anapempha chithandizo china masabata 10 atatha n'kupatsidwa yeniyeni, choncho pa chaka panalibenso magulu awiri oti n'kuwayerekezera bwino. Vuto lomweli limapezeka m'kafukufuku wambiri wa nthawi yaitali, popeza sungamusunge munthu wa ululu pa chithandizo chonamizira kwa chaka chathunthu.

Kafukufuku amene ali ndi phunziro lalikulu kwa ife ndi wa a Edmond Truelove ndi anzawo ku Seattle, wa mu 2006. Odwala 200 anagawidwa patatu. Onse anaphunzitsidwa kudzisamalira okha, monga kupumitsa nsagwada, kuthowa ndi chofunda kapena chozizira, kutambasula minofu ndi kumwa mankhwala opha ululu. Gulu lina linaonjezeredwa sipulinti yolimba yopangidwa ku labotale, lina linaonjezeredwa chovala chofewa chotsika mtengo ngati cha ochita masewera, ndipo lina silinaonjezeredwe kanthu. Pa miyezi 3, 6 ndi 12 magulu onse anapeza bwino, ndipo panalibe kusiyana kwenikweni pakati pawo. Ofufuza a ku Oulu m'dziko la Finland anapezanso mu 2015 kuti patatha chaka, sipulinti sinaonjezere phindu pamwamba pa malangizo ndi masewera a nsagwada.

Akatswiri ataphatikiza kafukufuku wambiri pamodzi, chithunzi chinaoneka bwino. Gulu la ku Belgrade linalemba mu 2017 kuti sipulinti ya mtundu wa Michigan imaoneka yothandiza pa miyezi itatu yoyamba, koma pambuyo pake imafanana ndi njira zina. Mu 2020, ofufuza a ku Manchester amene anatumidwa ndi bungwe la boma la Britain loona za kafukufuku wa zaumoyo anaunika kafukufuku 52 ndipo sanapeze umboni wakuti sipulinti imachepetsa ululu wa TMD, ngakhale anachenjeza kuti kafukufuku wambiri anali wofooka. Bungwe la Cochrane mu 2024 linanenanso kuti umboni ulipowu ndi wosadalirika kwenikweni.

Mu December 2023 magazini ya BMJ inatulutsa malangizo okhudza ululu wa nsagwada umene watha miyezi itatu kapena kuposa. Malangizowa amalimbikitsa kwambiri kuphunzitsa wodwala ndi kumukhazika mtima pansi, masewera otambasula nsagwada ndi okonza kakhalidwe ka khosi ndi msana moyang'aniridwa, kusisita malo owawa m'minofu, ndi uphungu wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi zochita zake pa ululu. Pa sipulinti yovala n'kuvula amati kwa odwala ambiri ndi bwino kusayambira pamenepo, ngakhale asiya mpata woti wodwala ndi dokotala akambirane. Amaletsa kwambiri masipulinti osintha kalumidwe mosabwezeka, kuchotsa disiki, komanso kuphatikiza mankhwala a gulu la bufeni ndi a gulu la morphine.

Pa nthawi yomweyi, kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa OPPERA, amene anayamba kulemba anthu mu 2006, anatsatira akuluakulu opanda vutoli ndipo anapeza kuti pafupifupi 4 mwa 100 alionse ankaliyamba chaka chilichonse. Amene anali pa chiopsezo chachikulu anali anthu amene anali kale ndi ululu kwina m'thupi, madandaulo ambiri a m'thupi, kusagona bwino ndi nkhawa. Izi zikusonyeza kuti kwa ambiri, ululu wa nsagwada wokhalitsa uli m'gulu limodzi ndi mutu wokhalitsa ndi msana wokhalitsa.

Ntchito imene yatsalira sipulinti

Sipulinti ikadali ndi malo ake. Kwa munthu amene amakukuta mano kutulo mpaka mano kuperepeseka kapena kusweka, imakhala chotchinga kuti pulasitiki ndi imene idyeke. Ameneyu ndi ntchito imene a Karolyi anaiyambira mu 1901. Odwala ena amapezadi mpumulo pa masabata oyamba, ndipo sitiyenera kuwatsutsa. Chimene umboni sukutilola kulonjeza n'chakuti idzachiza vutolo, kapena kuti pakatha chaka wovala adzakhala bwino kuposa amene anaphunzitsidwa kudzisamalira.

Ili ndi zoopsa zakenso. Sipulinti yokuta mano ena okha, kaya akutsogolo kaya akumbuyo, ikavalidwa nthawi yaitali ikhoza kusuntha mano mpaka kalumidwe kusintha. Yaing'ono kwambiri ikhoza kumezedwa kutulo. Yosatsukidwa imasunga zotsalira za chakudya pa mano ndi nkhama. Choncho wodwala amene ali nayo afunsidwe ngati imakuta mano onse a nsagwada imodzi, ngati amaivala usiku wokha, ndiponso ngati dokotala wa mano amaiona nthawi ndi nthawi. Akanena kuti mano ake sakugundananso monga kale, asiye kuivala ndipo abwerere kwa amene anaipanga.

Phunziro la kwathu kuno

Ku Malawi maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 pa College of Medicine, imene tsopano ili m'gulu la Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Madokotala a mano akadali ochepa, ndipo ntchito yambiri m'maboma imagwiridwa ndi madental therapist. Zingaoneke ngati wodwala nsagwada wa kumudzi wamanidwa chithandizo chenicheni chifukwa sangapeze sipulinti. Mbiri imene tayendamoyi ikusonyeza kuti chithandizo chimene chili ndi umboni wabwino kwambiri ndi chimene namwino, kiliniko ofesala kapena mlangizi wa zaumoyo wophunzitsidwa angapereke popanda labotale.

Choyamba ndi kutsimikiza kuti si vuto lina loopsa. Munthu amene pakamwa pake pakukana kutseguka mwadzidzidzi, makamaka ngati ali ndi bala kapena khosi ndi msana zauma, aganiziridwe kafumbata ndipo atumizidwe mwachangu. Kutupa kwa tsaya kapena pansi pa chibwano, kutentha thupi ndi kuvutika kumeza zikhoza kukhala mafinya ochokera ku dzino, ndipo zimapha zikachedwa. Amene wayasamula n'kulephera kutseka pakamwa ndiye kuti nsagwada yaguluka. Amene wagwa kapena wamenyedwa akhoza kukhala kuti wathyoka. Chilonda cha m'kamwa chosapola, chotupa chomakula, dzanzi la kumaso, kapena ululu wa nsagwada ndi mutu umene wayamba kumene mwa munthu wopyola zaka 50, makamaka ngati maso akuona mwachimbuuzi, zonsezi zimafuna dokotala. Ululu wa nsagwada wobwera munthu akamayenda kapena kugwira ntchito yolemetsa, limodzi ndi kubanika kapena kupweteka pachifuwa, ukhoza kukhala wa mtima.

Zimenezi zikapanda kupezeka, khalani naye pansi wodwalayo. Muuzeni kuti vutoli ndi lofala, kuti mwa ambiri limakwera ndi kutsika n'kuchepa pakapita nthawi, ndiponso kuti kulira kwa nsagwada kopanda ululu sikufuna mankhwala. Kwa masabata angapo apewe nzimbe, chimanga chokazinga, chingamu ndi nyama yolimba, adule chakudya tizidutswa ting'onoting'ono, koma asasiye kutafuna kwa nthawi yaitali. Athowe tsaya ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda. Masana azikumbukira kuti munthu akakhala phee milomo imatsekeka koma mano sagundana. Akamayasamula achirikize chibwano ndi dzanja. Atsegule ndi kutseka pakamwa pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, lilime lili kumwamba kuseri kwa mano akutsogolo, osafika poti pawawe. Panado, kapena bufeni kwa masiku ochepa ngati alibe zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena pakati, zikhoza kuthandiza. Mufunseninso za tulo ndi zimene zikumusowetsa mtendere, chifukwa nthawi zina nkhani imakhala pamenepo.

Pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kusamala nacho kwambiri kuno. Kumene chithandizo cha mano chopezeka msanga ndi kuzula, wodwala wa ululu wa m'minofu ya tsaya akhoza kuloza dzino lakumbuyo n'kuumirira kuti lichoke, chifukwa ululu wa minofu umamveka ngati uli m'dzino. Dzino labwino likazulidwa ululu sutha, ndipo iye amabweranso kudzaloza lina. Odwala a ku America anataya mano ndi mafupa chifukwa cha chithandizo chosabwezeka chimene chinaperekedwa umboni usanapezeke, ndipo ife tikhoza kubwereza cholakwa chomwecho ndi chozulira mano. Ngati dzino silinabooke, silikugwedera ndipo silipweteka poligogoda, koma kukanikiza tsaya kapena m'mbali mwa mutu kukudzutsa ululu umene wodwala amaudziwa, dzinolo lisiyeni.

Wodwala amene sanasinthe pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, kapena amene pakamwa pake pakuchepera kutseguka, atumizidwe kwa a mano kapena kwa a mafizo ku chipatala cha boma. Akafunsa ngati agule sipulinti, muuzeni zimene zikudziwika: ikhoza kuteteza mano ake ngati amakukuta, ikhoza kumupatsa mpumulo poyamba, koma kafukufuku amene anatsatira odwala kwa chaka sanasonyeze kuti imaposa kudzisamalira kumene mwamuphunzitsa. Akasankha kuigula adziwe zimenezi, ndipo akalephera kuigula asadzione ngati watsala.